Ndinatsanzika Mudzi Wonse koma Ndege Sinabwere

Nkhani yanga ilibe mfiti, ilibe mwamuna wondinamiza, ilibenso wakuba. Amene anandilanda mwayi ndi ine ndemwe, ndipo ndinachita zimenezi masanasana, nditakhala pa mpando wawofuwofu mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege ku Lilongwe. Munthu anandichenjeza, ine n'kumva, n'kuthokoza, n'kutuluka. Ndikulemba kuti inu owerenga, makamaka amene muli ndi ulendo m'manja, musadzapuse monga ndinapusira ine.

Zinachitika m'nthawi ya chipani chimodzi. Ndinali mtsikana, namwino wothandizira pa kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi kwathu ku Bembeke. Ntchito yanga inali yotsuka mabala, kukweza ana pa sikelo, ndi kugwirira azamba nyali akamathandiza amayi kuchira. Asisitere amene ankayang'anira chipatalacho anaona kuti manja anga ndi abwino, ndiye anandipezera malo pa sukulu ina ya uzamba ku Mangalande. Malowo anali a munthu mmodzi, ndipo lamulo la sukuluyo linali losanyengerera: amene sanafike tsiku lotsegulira, malo ake amapatsidwa kwa wina, chifukwa odikira analipo ambiri. Asisitere anandiuza zimenezi mobwerezabwereza, ine n'kumayankha kuti ndamva.

Achinyamata a lero mwina simudziwa kuti masiku amenewo kutuluka m'dziko muno sinali nkhani yongonyamula chikwama. Pasipoti inkatuluka utatopa, chilolezo cha boma n'kudzatuluka utatheratu. Kuwonjezera apo, munthu sankachoka pamudzi mwakachetechete. Ochoka osatsanzika ankatengedwa kuti ndi othawa boma, ndipo m'mbuyo mwawo ayufi, anyamata a chipani aja, ankafika kudzafunsa makolo mafunso osayankhika. Tinali titamva za bambo wina wa cha ku Lobi amene anatengedwa chifukwa mwana wake anawolokera ku Mozambique osauza munthu. Choncho kutsanzika kunali kofunika ngati pasipoti yomwe. Pankayenera kukhala Misa, anthu adye, kenaka tcheyamani wa chipani wa pamudzi aimirire n'kunena ndi pakamwa pake kuti mwanayu akupita ndi chilolezo, ndipo adzabweranso kudzatumikira dziko lake.

Abambo anga anali mlimi wa kachewere ndi kabichi, munthu wosalankhulalankhula. Atamva za ulendo wanga sanavine ayi, anangopita kumsika n'kubwera akukoka mbuzi. Amayi ananyika chimera cha thobwa, achibale a kutali anauzidwa, abambo mfumu a pa parishi anavomera kutchula dzina langa pa Misa, ndipo a tcheyamani analonjeza kuti adzayankhula. Phwando linaikidwa Lamulungu. Ndege yanga inali yonyamuka ku Chileka Lachitatu lotsatira, ndipo sukulu inkatsegulira Lolemba linalo. Pa pepala zonse zinali bwino kwambiri.

Kumayambiriro kwa sabata ya phwandolo ndinakwera basi kupita ku Lilongwe kukatenga tikiti. Kalaliki wake anali bambo wachikulire wadazi. Anayang'ana tikiti yanga, n'kuyang'ana ku chitseko, kenaka anatsitsa mawu.

"Mayi, ndege yanuyi ndikuikayikira. Oyendetsa ndege a kampani imeneyi, kwawoko ku Ulaya, akuopseza kuti anyanyala ntchito sabata yamawa. Mwina zichitika, mwina ayi, ine sindikudziwa."

Anandiuza kuti Lachisanu la sabata yomweyo kunali ndege ya kampani ina yodzera ku Nairobi, ndipo inali idakali ndi mipando ingapo. Akanatha kundisinthira pompo osawonjezera kalikonse. Ndikanafika msanga, inde, koma asisitere anali ndi nyumba yawo kumeneko, pogona sipakanavuta. Ndinawafunsa kuti nanga boma la kumeneko lingalole bwanji zoterozo. Bamboyo anangoti nkhani imeneyi ndisakanene kuti ndaimva kwa iwo.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse bwino, inu owerenga. Ine ndinakula ndisanaonepo munthu akukana ntchito. Kuno kwathu mawu oti sitalaka sankatchulidwa n'komwe, ndipo woyerekeza kunyanyala ankagona m'chitokosi tsiku lomwelo. Ndiye m'mutu mwanga ndinati, aaa, zocheza izi, boma lawolo likangotsokomola kamodzi onsewo athamangira m'ndege zawo. Ndinayeza dziko la eni ndi muyezo wa kwathu. Ndinadzionanso ngati wochenjera, kuti ndazindikira zimene kalalikiyo sakuzindikira.

Chifukwa chachiwiri chinali mantha, ndipo anali mantha enieni. Kunyamuka Lachisanu kukanatanthauza kuchoka phwando lisanachitike, a tcheyamani asanayankhule. Ndinaona m'maganizo ayufi ali pakhomo pa abambo. Koma ndisakunamizeni, panalinso chifukwa chachitatu, chochititsa manyazi. Ndinali nditasoketsa diresi yobiriwira yofika m'mapazi, ndipo ndinkafuna kuti anzanga amene ankandinena kuti ndimangotaya mikodzo ya odwala andione ndikulowa m'tchalitchi kwaya ikundiimbira. Ndinathokoza kalaliki uja, n'kumuuza kuti tikiti ikhale momwe ilili. Anangogwedeza mutu n'kuidinda.

Pobwerera basi inaima pa Chimbiya. Ndinagula tomato ndi anyezi wa paphwando, ndikunenerera mitengo ngati munthu wopanda nkhawa iliyonse. Nditafika kunyumba amayi anandifunsa ngati zonse zayenda bwino, ine ndinati zayenda. Abambo sindinawauze, poganiza kuti ndingowavutitsa mtima pa chinthu choti sangachisinthe. Asisitere sindinawauzenso, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa bwino: akanandikweza galimoto ya mishoni tsiku lomwelo, osamva za thobwa kapena za diresi.

Phwando linachitika, ndipo linali labwino, sindingalinyoze. Kunali kamphepo kozizira ka kwathu kaja, koma anthu anadzaza bwalo. Kwaya inaimba, amayi analulutira mpaka mawu kusasa. A tcheyamani anayankhula nthawi yaitali, kuyamba ndi kuyamika mtsogoleri wa dziko, kudzera pa ulimi wa chimanga, n'kudzafika pa ine kumapeto. Anthu anandipatsa nyemba, mtedza, mazira, ndipo azakhali ena a ku Lobi anabwera ndi tambala wamoyo kuti ndikadye kwa azunguko. Ndinagwada pamaso pa akuluakulu, aliyense n'kundipatsa malangizo ake: osakwatiwa ndi mzungu, osaiwala kolona, osavala zazifupi. Tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, ndipo za oyendetsa ndege sindinaziganize ngakhale pang'ono.

Ndinapita ku Blantyre pa basi n'kufikira kwa msuweni wanga ku Ndirande. Lachitatu m'mawa anandiperekeza ku Chileka, iye atanyamula sutikesi, ine nditavala diresi yomwe ija. Titalowa tinapeza anthu ali piringupiringu, azungu ena akukalipa, ana akulira. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana tikiti yanga n'kundibwezera. Anati ndege sinanyamuke n'komwe kwawoko, oyendetsa ake anyanyala, ndipo palibe akudziwa kuti zitha liti. Ndinamufunsa ngati boma lawo lamva. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yoyendera maofesi a ndege m'tauni. Kulikonse yankho linali limodzi: mipando yatha. Amene anamva chenjezo n'kusintha msanga ndi amene anaitenga, ndipo otsalafe tinkangolembedwa pa mzere wa odikira, amalonda ndi akuluakulu a boma patsogolo, namwino wothandizira wa ku Bembeke kumapeto kwenikweni. Ndinaimba telefoni ku mishoni. Asisitere anatumiza telegalamu ku sukulu kuja kupempha kuti andidikire. Sukulu inayankha mwaulemu kuti idikira pang'ono, ndipo inadikiradi pang'ono. Sitalaka inapitirira. Pamene ndege zinkayambanso kuuluka, malo anga anali ataperekedwa kale kwa mtsikana wa dziko lina.

Asisitere atandiuza zimenezi pa telefoni, sindinalire. Ndinati zikomo asisitere, n'kubweza chomvera pamalo pake, n'kukakhala pa khonde la positi ofesi mpaka miyendo inachita dzanzi. Chimene chinandivuta si kulira koma kubwerera. Ubwerera bwanji kumudzi kumene unagwada, anthu n'kukudalitsa, mbuzi n'kudyedwa? Ndinakhala ku Ndirande nthawi yaitali ndithu, ndikuchapira msuweni wanga ndi kumulerera ana, mpaka mwamuna wake anayamba kufunsa mkazi wake mokweza kuti kodi alendowa ndege yawo ikubwera liti.

Ndinatsika basi pa siteji ya Bembeke dzuwa lili pamutu, sutikesi ili m'manja. Amayi ogulitsa kachewere pa msewu paja anali omwewo amene analulutira pa phwando langa. Mmodzi anakuwa kuti, "Iii, a ku Mangalande afika! Mwatitengera chiyani?" Anzake anaseka, ndipo dzina limenelo linandikanirira. Mpaka lero kuli agogo ena kwathu amene amanditchula a ku Mangalande, osadziwa n'komwe kuti linachokera pati. Ena anayamba kunong'ona kuti boma ndi limene landibweza pa bwalo la ndege, ndipo abambo anachita kupita okha kwa a tcheyamani kukafotokoza kuti ayi, yavuta ndi ndege.

Kunyumba aliyense ankati ndi tsoka chabe. Amayi ankati Mulungu wandipewetsa ngozi. Ndinalola kuti azitero kwa kanthawi, koma zinkandilemera. Tsiku lina ndinatsatira abambo ku dimba, ndinawapeza akuthirira kabichi, ndipo ndinawauza zonse: za kalaliki, za ndege ya Lachisanu, za mipando imene inalipo. Anapitiriza kuthirira mpaka mzere unatha, kenaka anaika kheni pansi.

"Lachisanu? Mwana wanga, mbuzi imaphedwa tsiku lililonse. A tcheyamani ndinaphunzira nawo katekisimu, ndikanangopita kukawauza, tikanasonkhana Lachinayi ngakhale ndi tiyi wopanda mkaka. Bwanji sunandifunse?"

Ananyamula kheni n'kupita kuchitsime. Sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka tsiku la imfa yawo, koma funso limenelo linandiwawa kuposa kuseka konse kwa pa siteji. Chinthu chimene ndinkachiona ngati khoma losagumulika, iwo akanachisuntha m'mawa umodzi. Ndinawaganizira mantha amene analibe, ndipo ndinawalanda mpata wothandiza mwana wawo.

Asisitere nditawauza sanandikalipire. Anangoti ayesanso chaka chamawa. Koma chaka chimenecho anasamutsidwa, amene anabwera m'malo mwawo sankandidziwa, ndipo mwayi wa mtundu umenewo sunabwerenso pa kachipatala kathu.

Tsono inu owerenga, ndili ndi mawu ochepa. Mukakhala ndi ulendo umene moyo wanu watsamirapo, ndipo wina wakuuzani kuti oyendetsa ndege, kaya a basi, kaya a sitima, akuopseza kuti anyanyala, musakhale pansi n'kumawerengera ngati achitadi kapena ayi. Zimenezo si zanu, ndipo simungazidziwe. Funsani njira ina tsiku lomwelo, mipando isanathe, ndipo ikapezeka itengeni ngakhale ikufikitseni msanga pa malo ozizira opanda wokudziwani. Kufika msanga kumangotopetsa, sikulanda kanthu. Musaganizenso kuti mmene zinthu zimayendera kwanu ndi mmene zimayendera kulikonse.

Chachikulu, musamasankhire anthu a kwanu zochita mumtima mwanu, n'kumati awa sangamvetse, awa sangalole, mwambo sulola. Kawauzeni. Mwambo uli ndi eni ake, ndipo eni akewo amadziwa poupinda. Akakana, akane ndi pakamwa pawo, osati ndi pakamwa panu.

Ine ndinagwira ntchito pa kachipatala komweko mpaka kupuma. Ndinaona atsikana ambiri akubwera ndi masatifiketi a uzamba, ena ndinawakweza ndekha pa sikelo ali makanda. Panali nthawi zina pamene ndinkaona kuti mwana wagona mopingasa m'mimba iwo asanaone, koma lamulo linkati ndiime pambali ndidikire kutumidwa, ndipo ndinkaimadi. Ndinapuma ndili namwino wothandizira, ndipo ndege sindinaikwerepo mpaka lero.