Thukuta la Bambo

Bambo anga anali dalaivala wa lole pakampani ina ku Ginnery Corner, ndipo anali munthu wa thukuta. Chiwapezereni ndi matenda a shuga, thupi lawo linkawachenjeza lokha. Shuga akatsika, manja ankanjenjemera, mtima n'kumagunda mothamanga, malaya onse n'kunyowa. Pamenepo ankaimika lole pambali, n'kutafuna masiwiti amene sankasowa m'thumba mwawo, n'kudikira kuti mphamvu zibwerere.

Amayi ankadandaula tsiku ndi tsiku. Ankati anakwatiwa ndi mpopi, sopo yense wa m'nyumba akuthera munthu mmodzi. Bambo ankangoseka, amvekere mwamuna wosatuluka thukuta ndi mlesi. Ine ndinkalikonda fungo lija, la dizilo ndi thukuta, akamalowa madzulo n'kuitanitsa madzi kuti asambe asanaswali. Mpaka lero ndimalisowa.

Chaka chimene ndinakwatiwa, thukuta lija linaleka. Manja nawo analeka kunjenjemera. Tinasangalala bwanji! Amayi anauza anansi onse kuti shuga watha, anapereka ndi sadaka yomwe kuthokoza Mulungu. Masiwiti aja bambo anagawira ana oyandikana nawo nyumba. Tonse tinali m'chimbulimbuli.

Tsiku lina masana, lole itadzaza katundu, bambo anafika paraundabauti ya ku Chichiri n'kuyamba kuzungulira. Anazungulira, kuzunguliranso, maminibasi akuliza mahutala, makondakitala akuwatukwana kuti aledzera, munthu amene mowa sanaulawepo chibadwire. Lole inakaima itagunda mwala m'mphepete mwa msewu. Palibe anavulala, koma iwo sankakumbukira kalikonse.

Kuchipatala ndinapita nawo ndine. Adokotala anafotokoza kuti m'thupi muli mitsempha ina yogwira ntchito osatumidwa. Ndiyo imafulumizitsa mtima, kutulutsa thukuta ndi kuyendetsa chakudya m'matumbo, ngakhale mwiniwake ali m'tulo. Shuga wa zaka zambiri anali ataiwononga. Matenda anali akadalipo, chinatha ndi chenjezo lokha, ndipo tsiku lija shuga anatsika iwo osadziwa. Bambo anafunsa ngati pali mankhwala oidzutsira. Adokotala anati zina n'zotheka kuthandiza, koma za lole aiwale.

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti pano ndiime?" anafunsa bambo.

"Simudzadziwa, bambo. Vuto lake ndi limenelo."

Makiyi a lole bambo anakabweza okha kukampani, sanafune kutuma munthu. Ine ndinangowaperekeza. Sanalankhule zambiri, anangouza dalaivala watsopano kuti giya yachitatu imafuna kunyengerera, asamaikakamize.

Pobwerera tinakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukhala mpando wakumbuyo, mothinana ndi amayi ena onyamula matumba a kaunjika. Chisoni chinandigwira, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti bambo asaone misozi. Ndi pamene ndinaona phazi lawo lamanja. Tikamayandikira siteji iliyonse linkadzuka, n'kuponda pansi pang'onopang'ono ngati likuponda buleki, mpaka minibasi itaima.