Mchira wa Nambala

Pa sitolo yaikulu ya mankhwala ija, dzina lawo lenileni linkangopezeka pa khadi la pachifuwa. Aliyense ankawaitana kuti a Mawaya, poti makompyuta ndi mapulinta onse a pamalopo anali m'manja mwawo. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa mashelefu, pakati pa firiji ya katemera ndi khomo la kuchimbudzi. Munali matebulo awiri, koma munthu anatsalamo mmodzi. Tebulo linalo linali la mlamu wawo, mlongo wake wa mayi a kunyumba, amene anagwira naye ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akunyozana tsiku ndi tsiku monga achitira alamu. Chaka chatha mtima wa mlamuyo unaima ali m'basi, ndipo kuyambira pamenepo m'chipindamo munangoti zii.

A Mawaya anali munthu wa chizolowezi. Lolemba lililonse m'mawa, sitolo isanatsegulidwe, ankatsegula zenera lakuda la pa kompyuta yaikulu n'kulembamo mzere umodzi wokha. Mzerewo unkadzutsa pulogalamu yomwe ntchito yake ndi kukatenga mapulogalamu ena atsopano pa intaneti n'kuwaika m'malo mwa akale. Iwo ankaitchula kuti Kapitawo. Kapitawo akabwera ndi mndandanda ankafunsa ngati apitirize, iwo n'kudina chilembo chovomera. Lamulo lawo linali limodzi: chosapsa sichilowa muno. Pulogalamu yakupsa imakhala ndi nambala yoyera, monga 4.2. Yomwe eni ake akadali kuiyesa imakoka mchira kumbuyo kwa nambala, mawu monga akuti beta. Nambala ya mchira a Mawaya ankadana nayo kuposa mbewa za m'mawaya.

Koma munthuyu anali ndi chinsinsi, ndipo chinkamudya. Maso awo anali kufa. Dokotala anawauza zaka ziwiri zapitazo kuti mitsempha ikuuma pang'onopang'ono, ndipo palibe mandala angaibweze. Sanauze akazi awo, sanauze abwana. Analoweza masitepe a m'khonde, analoweza mabatani a pulinta, anaphunzira kuzindikira anthu pomva nsapato. Ankaopa, ndipo n'zomveka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, wosaona, angamulembe ntchito ya makompyuta ndani? Chomwe chinawasungira ntchito chinali chimodzi. Tsiku lina, miyezi ingapo mlamu wawo asanamwalire, zilembo za m'zenera lakuda zinangoyamba kukula zokha, zonenepa, zoyera mbee, ndipo mzere umene akuwerenga unkatupa kuposa inzake. Iwo anangoti opanga pulogalamu akomera mtima okalamba, osafunsanso zambiri.

Tsoka silinunkha. Lolemba lina, nthawi itangopitirira naini koloko, mayi manijala analowa m'kachipindamo atanyamula timapepala tomata pa mabotolo.

"A Mawaya, mwachita chiyani m'mawa uno?"

"Za masiku onse, mayi. Bwanji?"

"Taonani malebulo awa. Dzina la mankhwala likutuluka, koma mzere wa kamwedwe wadukira pakati. Pamene payenera kulembedwa kuti theka la supuni, pangotsala mawu oti supuni. Mwayi wake wogulitsa wathu waona msanga. Awa ndi mankhwala a ana, bambo."

Anawasonyeza kapepalako pafupi ndi nkhope. A Mawaya anagwedeza mutu ngati awerenga.

"Ndipatseni mpaka masana."

"Panopa tikulemba pamanja, ndipo mzere wafika pakhomo. Musandichedwetse."

Atatsala okha anatsegula kaundula wa zonse zimene Kapitawo anachita m'mawa umenewo. Anayenda mzere ndi mzere mphuno ili pa sikirini. Poti zilembo zinali zazikulu, mizere inkadukira kumanja, ndipo ankayenera kuikankha kuti aone kumapeto, zomwe m'mawa uja sanachite. Atakankha anauona mchira. Pulogalamu ya malebulo inali 4.3, ndipo kumbuyo kwake kunali beta. Anavomera okha chinthu chosapsa, ndi chala chawo chomwe.

Komabe Kapitawo sabweretsa zosapsa popanda womuloleza. Anayang'ana mzere wawo wa Lolemba uja, mwina anaonjezamo mawu mwangozi. Unali woyera. Anayang'ana mndandanda wa malo kumene Kapitawo amakatenga katundu. Anali malo akale omwewo. Anatsegula fayilo yaikulu ya malamulo, ndipo pamene pamafunsa za zoyeserera panalembedwa kuti ayi, monga anasiyira okha kalekale. Anakanda pamutu. Kunja ankamva mwana akulira pa mzere, ndi mawu a wogulitsa akupepesa anthu.

Nthawi ya chakudya itayandikira foni inalira. Anali mayi a kunyumba.

"Mwaiwalanso kontena yanu ya chakudya patebulo. Inalitu pamaso panu penipeni."

"Ndinali pa changu."

"Changu chanucho chayamba kuchuluka masiku ano."

A Mawaya anadula foni mtima ukuwawa, chifukwa kontenayo sanaione n'komwe.

Apa m'pamene anakumbukira kuti pali timafayilo tina tobisika, timene mayina ake amayamba ndi kadontho, ndipo lamulo lolembedwa mmenemo limaposa la m'fayilo yaikulu. Mlamu wawo ndiye ankakonda kubisa zinthu m'malo otero. Anaulula timafayilo tonseto, n'kupeza kamodzi kamene sanakalembe iwo. Munali mzere umodzi wololeza zoyeserera zonse. Pamwamba pake panali mawu, mwa mtundu wa aja amene kompyuta imawalumpha chifukwa ndi olembera anthu:

"Alamu, ndayatsa ndine. Mtundu woyesererawu ndi wokhawo umene umakulitsa zilembo bwino. Ndakuonani mukupapasa kapu. Musandifunse, nanenso sindikufunsani. Ukapsa ndidzazimitsa."

A Mawaya anawerenga kawiri. Kenako anatembenukira tebulo lopanda munthu lija.

"Chitsiru iwe," anatero chapansipansi. "Wazimitsa liti?"

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Miyezi yonse ija mlamu wawo ankadziwa. Ankawanyoza za dazi, za nsapato, za mmene amatafunira, koma za maso sananenepo ngakhale kamodzi. Ndipo iwo, ndi kunyada kwawo, sanamuthokoze, poti sankadziwa kuti pali choti athokoze.

Chisoni sichikonza pulinta. Anayesa kubweza pulogalamu ya malebulo yokha ku 4.2, kuti zilembo zazikulu zitsale. Kapitawo anakana. Mapulogalamu awiriwa, ya malebulo ndi ya zenera, ankadalira kapulogalamu kamodzi kojambula zilembo. Ya malebulo yakupsa inkafuna kakale, pamene zenera lokulitsa linkafuna katsopano. Anayesa kubwerera ku zoyeserera za sabata yatha, zomwe zinkagwirizana bwino, koma eni ake anali atazichotsa kale, poti zoyeserera sazisunga. Anayesa njira yachitatu, ndi yachinayi. Njira zinatsala ziwiri basi: malebulo olondola, kapena zilembo zimene iwo angathe kuwerenga.

Anaganiza zouza mayi manijala kuti vuto ndi la opanga pulogalamu, angopirira kulemba pamanja sabata zingapo. Bodzalo likanayenda, chifukwa pamalopo panalibe wina wodziwa zenera lakuda. Koma dzanja la munthu wotopa limalakwitsa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Anafufuta mzere wololeza uja. Mawu a mlamu wawo anawasiya. Analemba lamulo lobweza zonse ku zakupsa, Kapitawo anafunsa ngati apitirize, ndipo ulendo uno anakankha mzere uliwonse mpaka kumapeto asanavomere. Zenera linazima n'kuyakanso. Zilembo zinabwera zing'onozing'ono ngati nyerere, ndipo kwa iwo zinali utsi chabe.

Ndi zala zoloweza anatumiza lebulo yoyesera. Pulinta inalira, kapepala kanatuluka. Anakabweretsa pafupi ndi diso lamanzere, kenako lamanja, anakatembenuzira ku kuwala. Sanathe kudziwa ngati theka lija labwerera.

Anatuluka, nadutsa pa mzere wa anthu, mpaka ku ofesi ya mayi manijala.

"Zatheka?" anafunsa mayiwo osadzutsa mutu.

"Ndiwerengereni aka, mayi."

"Aa, inuyo simunawerenge?"

"Sindikuona."

"Mwasiya kuti mandala?"

"Si mandala, mayi. Sindikuona."

Mayi manijala anaika cholembera pansi. Analandira kapepalako nawerenga mokweza: "Theka la supuni, katatu pa tsiku." Kenako anadzutsa mutu. "Zabwera bwino, a Mawaya. Zayamba liti zimenezi?"

"Zaka ziwiri."

"Akunyumba akudziwa?"

"Ayi."

Mayiwo anadzuka, nakatseka chitseko. "Khalani pansi, bambo."

A Mawaya anatambasula dzanja kufunafuna mpando, koyamba osadzibisa, ndipo anauphonya.