Galu wa a Jowakimu amene sankauwa

Ndikukumbukira chaka chimene akuluakulu anavotera zipani zambiri koyamba. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikubwereza Sitandade 4 kachitatu. Aphunzitsi ankati mutu wanga ndi lichero lobooka. Lero imvi zili mbuu, mano atatu anatsogola kale kumanda, koma nkhani ya galu uyu yakana kugwa m'licheromo.

Kwathu ndi kufupi ndi Chiringa. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatha, ndipo amene anathawira kwathu ankabwerera kwawo pa malole. Mitondo inkakwera, mphasa zinkakwera, nkhuku nazo zinkapeza malo. Galu ayi.

A Jowakimu, amene anakhala zaka zisanu kuseri kwa munda wathu wa nandolo, anali ndi galu wamkazi wofiirira, dzina lake Tidzapita. Tsiku lonyamuka anandiitanira pamsewu, nandigwiritsa chingwe chatsopano cha khonje chimene anapota okha. Anati asankha ine chifukwa kusukulu palibe angandisowe. Kenako anasiya kuseka.

"Mwanawe, umupezere munthu. Usakangomusiya pakhomo pa wina ngati mbiya."

Lole itachoka, Tidzapita anakhala pansi pa mtengo wa mango wa pamsewupo, maso ali kufumbi. Sanalire.

Kunyumba mayi anakana ndisanamalize kulankhula. Gaga amene tikanapatsa galu ndi yemweyo tinkasakaniza ndi ufa wa makaka ife eni ake. Ndiye sabata yomweyo kunamveka kuti galu wachiwewe waluma mwana kutsidya kwa mtsinje, ndipo Lachisanu kubwera anthu a boma a mfuti. Galu aliyense wopezeka wosamangidwa pakhomo pa mbuye wake aphedwa. Anatsala masiku anayi.

Kwathu galu salandiridwa ulele. Wolandira amapereka kenakake, kaya dzira kaya nzimbe, apo ayi galuyo sakhazikika. Mwambo umenewu ndinaukonda kuposa Malamulo Khumi.

Ndinayambira kwa mayi Nasiyaya, otcheza kachasu. Ndinawauza kuti galuyu akauwa pano, a ku Muloza amatseka zitseko. Anandipatsa mazira awiri. Mawa lake anafika kwathu akumukoka, thukuta lili kamukamu. Anati chidakwa chinalowa m'nyumba masanasana, chinatuluka ndi botolo m'khwapa, galu ali phee kuchiperekeza ndi maso. Anafuna mazira awo, koma mazirawo anali atapita kale kumene mazira amapita.

Lachitatu ndinapita kwa a Fulaye, mlenje wa mbira kuphiri la Michesi. Kumeneko ndinalumbira kuti Tidzapita anagwirapo gwape ali yekha. Ndinalandira nzimbe yaitali kuposa ine. Madzulo a Fulaye anabwera naye, koma iwo sanakalipe. Anati agalu ena atayamba phokoso kuphiri, uyu anangogona pansi pa chitsamba, mutu pakati pa miyendo. Iwo anali ndi abale kutsidya kwa malire, choncho anadziwa. Nthawi ya nkhondo anthu ankabisala kutchire, ndipo galu wouwa ankaitana asilikali. Eni ake ankamenya tiagalu pakamwa mpaka tiiwale kuuwa, n'kutiphunzitsa kugona pansi tikamva phokoso.

"Ameneyu anasunga banja lonse ndi kukhala chete kwakeko," anatero. "Koma kuno ndani angadyetse galu wosauwa?"

Panatsala khomo limodzi, la a Tebulo, nkhalamba yogontha yoluka madengu imene inkakhala yokha kumapeto kwa mudzi. Ndinkalilambalala dala, chifukwa ndinkadziwa kuti kumeneko kulibe dzira kapena nzimbe. Lachinayi ndinapita, mabodza atandithera. Ndinawakuwira m'khutu kuti galuyu sauwa, sasaka, amangodya. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga akanauwa, ndikanamva ine?"

Anafufuza m'nyumba monse, natuluka ndi mbatata imodzi yootcha. Anainyema pakati, theka kwa ine kuti mwambo ukwane, theka kwa galu. Tidzapita anadya m'dzanja lawo. Aka kanali koyamba kumuona akugwedeza mchira chichokereni lole ija.

Pamenepo ndi pamene Satana anandionetsa chingwe. Chinali chosalala, chopotedwa patatu, chonunkhirabe khonje. Ndinaganiza kuti theka la mbatata ndi lochepa pa ntchito ya masiku anayi. Ndinachimasula, ndinachipinda m'kabudula, n'kumangirira galu pansichi ndi luzi louma la nthochi. A Tebulo anali atawerama pa dengu lawo.

Lachisanu dzuwa litangokwera, mfuti inalira cha kumsewu. Ndinathamangira kwa a Tebulo. Ndinapeza luzi lili lodukaduka, iwo atakhala pakhonde ndi kaphala m'chipanda, akuti mlendo wawo wangopita kukawongola miyendo. Ine ndinadziwa kumene wapita.

Amene anaona anati agalu ena onse anabalalika mfuti itangolira koyamba. Tidzapita anali pansi pa mango paja. Anachita zimene anaphunzitsidwa: anagona pansi, mutu pakati pa miyendo, osatulutsa mawu. Wa mfutiyo sanavutike n'kuthamanga.

A Tebulo anandifunsa masabata ambiri. Potsiriza ndinawakuwira kuti galu analondola mbuye wake ku Mozambiki. Anagwedeza mutu, nati ndi galu wanzeru, iwonso akanatero. Anamwalira akukhulupirira zimenezo, ndipo pa mabodza anga onse, limenelo ndi lokhalo limene sindinalandirepo kanthu.

Masiku ano zidzukulu zikatola kagalu kotayidwa kumsika, zimabwera kwa ine kuti agogo mumadziwa anthu, kapezereni pokhala. Ndimayesa. Kamatengedwa lero, mwezi usanathe wakumana nako kudzala, nthiti zili pamtunda. Anthu amafuna mlonda kapena mlenje. Wofuna galu chifukwa ndi galu, m'moyo wanga wonse ndinakumana ndi mmodzi. A Jowakimu anandituma munthu, ndipo munthuyo ndinamupeza. Chimene chinasowa ndi chingwe cha mikono iwiri, ndipo chinali m'kabudula mwanga.

Chingwecho sindinamangirepo ngakhale mtolo wa nkhuni. Ndinachisomeka kudenga, chiswe n'kuchidya.