Dzanja Lopanda Chiphaso

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinafukula pampu ya sikimu yathu mumchenga. Madzi osefukira anali atadutsa kwathu ku Makhuwira ngati tinawalakwira, ndipo injini imene ndinaisamala zaka zisanu ndi chimodzi tinaipeza itagona chagada, matope ali tho. Ntchito yanga inali yomweyo, kuliza pampu m'mawa kuti madzi akwere m'ngalande za mpunga, ndi kuizimitsa dzuwa likapendeka. A komiti ya sikimu anati tidikire, mabungwe abwera kudzakonza. Ine ndinayang'ana mkazi wanga Esita, amene anali ndi pakati, n'kuona kuti mwana sangadikire bungwe.

M'mawa wonyamuka amayi anga anandigwaditsa pakhonde. Amayi amagulitsa milamba youma pamsika ndipo pakamwa pawo palibe chitseko, koma akamapemphera mawu awo amafewa n'kubwerera ku Chisena chakwawo. Anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe, ndipo zimenezi ndinkazidziwa monga munthu adziwira kuti ali ndi msana, ulipo koma sauona. Anatambasula manja pamutu panga n'kunena kuti, "Mulungu, mwana uyu akapeze anthu omupatsa madzi asanamufunse kwawo, monga anandipatsira ine pano." Ndinati ameni maso ali kumsewu, kuopa kuti galimoto indisiya.

Ku Joni mwayi unandipeza msanga. Ndinalembedwa ndi bambo wina wokonza mapampu a madamu osambiramo kunyumba za anthu olemera. Ndinkaseka ndekha: madzi oti angamwetse mpunga wa mudzi wonse, mwini wake ankangoviikamo mapazi pa Sabata. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, yochepa koma yosadumpha, ine n'kumadya buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Ndinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo kusungulumwa kunandizunza kuposa chisanu. Masiku ena sabata yonse inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu, kupatula pa foni.

Foni yomweyo ndi imene inandibzala chikayiko. Chaka chachiwiri Esita anandiuza kuti pampu yakonzedwa, ndipo aika munthu wina dzina lake Zuze, wa ku Mozambiki, amene anaphunzira injini pa maboti. Ndinati chabwino, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma dzinalo linayamba kubwerabwera. "A Zuze atitsegulira madzi msanga lero." "A Zuze akhomera malata munatumizira ndalama aja." "A Zuze anali pano dzulo." Ndinkabwereza kumvera uthenga umodzi katatu, kufuna kumva ngati mawu a mkazi wanga akusintha akafika pa dzinalo. Munthu watenga pampu yanga, wakwera padenga langa, chatsala n'chiyani? Sindinamufunse Esita, ndinangosunga mumtima ngati khala lokwirira m'phulusa.

Chifukwa cha kusungulumwa ndinayamba kupita ku tchalitchi china cha mu tenti, pafupi ndi kumene ndinkakhala. Nyimbo zinali zokoma, ndipo mayi wina wachikulire wa benchi yathu ankandigwirira buku kuti tiyimbire limodzi, n'kumanditchula kuti m'bale. Nthawi yopemphera onse ankapemphera mokweza nthawi imodzi, aliyense zake. Ine ndinkangogwedeza milomo, chifukwa lilime langa likanandiulula. Mulungu amamva za mumtima, ndinkatero, nanga anthu achitenso nazo chiyani?

Sabata ina abusa anati aliyense wofuna ntchito adzabwere ndi chiphaso chake cha unzika kuti adzachipempherere. Sindinachiganizire kwambiri. Tsikulo litafika anafuula kuti, "Kwezani ziphaso zanu kumwamba!" Tenti yonse inadzaza ndi manja onyamula makadi. Ine pasipoti yanga inali itatha kale mphamvu, ili pansi pa matiresi. Kusakweza dzanja kukanaoneka, ndiye ndinakweza lopanda kanthu. Abusa anapemphera kuti ntchito zibwerere kwa ana a dzikolo, kuti Ambuye achotse dzombe limene lagwa m'munda mwawo. Nditatsegula diso limodzi ndinapeza mayi uja naye watsegula ake, akuyang'ana chikhatho changa. Ndinatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kulibisa m'thumba la jekete.

Sabata yomweyo anthu ena anapita kwa bwana wanga kukamufunsa kuti amalemba anthu akuti. Bwanayo sanali woipa, koma galimoto yake, imene anthuwo akanatha kuiotcha, ankaikonda kuposa ine. Anandipatsa malipiro n'kunena kuti ndisadzaonekenso. Mpaka lero sindidziwa ngati anali mayi uja amene anandiloza. Mwina sanali iye. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinapempherenso maso onse awiri ali chitsinzinire, ndipo munthu akanditchula kuti m'bale ndimayamba ndayang'ana manja ake. Ndinakhalakonso miyezi ingapo ndikugwira maganyu mobisala, kenako ndinakwera basi yobwerera, zaka zinayi zitatha.

Minibasi itatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, kutentha kwa kuchigwa kunandilandira ngati mbama, ndipo ndinakondwa. Chimwemwecho chinathera pachipata cha nyumba yanga. Ndinayang'ana denga, misomali ili pamzere bwinobwino, n'kupsa mtima kuti sindikupezapo cholakwika. Ndinanyamula mwana wathu wamkazi n'kumuyang'anitsitsa makutu ndi mphuno, pamene anabadwa ine nditangochoka miyezi isanu, Zuze asanaponde n'komwe m'mudzi muno. Chikayiko sichiwerenga miyezi.

Zuze ndinakumana naye tsiku lachitatu, ndipo ndinamupeza pakhonde la amayi. Anali munthu wamfupi, wa manja akuda ndi oilo, wachikulire kundiposa. Anaimirira n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Takulandirani, shamwali. Pampu yanu ikadali moyo, koma imakhosomola," anatero akuseka.

"Yanga?" ndinatero. "Ndimayesa ndi yanu."

Anangoti, "Madzi ndi a tonse," n'kutsazika. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija amayang'anira munthu wofuna kuchotsera mtengo wa nsomba mopitirira.

Madzulo ena kunabwera a Dinala kudzandizonda. Iwowa ndi mkulu wa mpingo wathu, komanso wapampando wa komiti ya sikimu, munthu wa mawu ofatsa amene sayenda ulendo wopanda chifukwa. Anandifunsa za ku Joni, ndipo ine ndinawafotokozera zonse, mpaka za mu tenti muja. Ndinkafotokoza ngati munthu woonetsa bala. Koma pakati pa nkhani ndinaona kuti sakugwedeza mutu mwachisoni ayi, akumvetsera ngati munthu amene akuphunzitsidwa kutchera mono.

"Ndiye amangokweza m'mwamba basi, aliyense chake?" anafunsa.

"Eya."

"Ndipo wopanda chiphaso amaonekera yekha, popanda womutchula dzina?"

"Amaonekera yekha."

Kenako anati, "Mukudziwa, Mateyu, achinyamata athu akungokhala. Kudula nzimbe ku esiteti, akutsidya. Ulonda, akutsidya. Ngakhale pampu yanu. Ifetu sitidana ndi munthu, koma mwana wa pakhomo asamagone ndi njala mlendo akubzikula." Ndinayankha kuti n'zoona. Ndakhala ndikudzifunsa ngati nkhani ija ndinaifotokoza mosadziwa. Ndimafuna nditati eya. Koma ndinkadziwa bwino amene ndikumuuza, ndipo ndinkadziwa kuti komiti ikhala Lachitatu la sabata yotsatira. Munthu amene waphunzira kukayikira aliyense amafika podzikayikira yekha, ndipo pamenepo ndiye amapeza umboni.

Lachinayi Esita anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi n'kunena kuti alengeza zoti pa Sabata aliyense apite ndi chiphaso cha unzika, kukakhala pemphero la ntchito. Anati, "N'zachilendotu zimenezi, azitenga kuti?" Ndinati kaya. Ndinali ndi masiku atatu oti ndikanapita kwa a Dinala kukawaletsa, ndipo nyumba yawo ili pafupi moti tambala wawo amatidzutsa. Sindinapite. M'malo mwake ndinauza Esita kuti anditulutsire chiphaso changa m'chikwama chimene anachisunga zaka zonsezi, ndipo ndinachipukuta ndi malaya.

Pa Sabata tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Zuze anakhala kutsogolo pang'ono kumbali ya abambo, pamalo pake pa masiku onse, chifukwa ndiye ankakonza zokuzira mawu zikavuta. A Dinala anawerenga mawu, anayankhula za njala ndi za achinyamata, kenako anati, "Abale, kwezani ziphaso zanu kwa Ambuye." Manja anakwera. Langanso linakwera, ndipo sindinama kuti linakwera monjenjemera, linakwera mowongoka ndithu. Zaka zinayi ndinali munthu wobisa dzanja, ndipo kunena zoona zinandikomera.

Zuze anayang'ana uku ndi uku, kenako anakweza dzanja lake lakuda ndi oilo, lopanda kanthu. A Dinala anayamba kupemphera, mawu akukwera pang'onopang'ono. "Bwezerani ntchito kwa ana a dziko lino, Ambuye. Chotsani dzombe m'munda mwathu." Dzombe lija linali langa, ndinabwera nalo ndine pa basi. Ndinatsegula diso monga mwa chizolowezi, n'kupeza kuti theka la tchalitchi likupemphera maso ali pwii, aliyense akuwerenga manja a mnzake. Anthu amenewa ndinakula nawo, ndipo palibe amene anawaphunzitsa kutero. Anangozidziwa.

Kenako ndinayang'ana kumbali ya amayi. Manja opanda kanthu analipo angapo, ambiri a anthu achikulire. Limodzi ndinalidziwa ndisanaone nkhope, chifukwa cha chipsera cha minga ya mlamba pa chala chachikulu. Amayi anga sanalembetse chiphaso. Nthawi ya kalembera anaopa funso lakuti munabadwira kuti, ndipo ankati munthu wogulitsa nsomba safunsidwa kadi. Ndinkadziwa zimenezi, koma masiku atatu onse aja sizinandibwerere m'mutu, chifukwa m'mutumo munali Zuze yekha. Mayi wa pambali pawo, amene akhala naye pamsika zaka makumi awiri, anali akuyang'ana chikhatho chawo. Amayi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kulibisa m'chitenje. Nthawi yomweyo mpingo wonse unati ameni, ndipo ndinamva mawu anga ali momwemo.

Lachitatu komiti inagamula kuti pampu ibwerere kwa ine, mwana wa m'mudzi. Sanatchule za pemphero, anangoti malamulo amafuna munthu wa chiphaso, ngati kuti malamulowo anabadwa sabata imeneyo. M'mawa mwake Zuze anandidikirira pa kanyumba ka pampu ndi masipanala atawakulunga m'thumba la feteleza. Anandionetsa kuti injini ikakhosomola kawiri ndisaikakamize, ndiyambe ndatulutsa mpweya m'paipi ya mafuta. Ndinkayembekezera kuti andinyoza, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, shamwali. Muziwaona amama." Pasanathe sabata anamanga katundu pa njinga, iye ndi mkazi wake ndi ana awiri, n'kulowera cha kumalire, ku mtsinje wa Ruo.

Tsiku limenelo ndinalephera kupirira, ndinamufunsa Esita funso limene ndinalisunga zaka zitatu, lakuti munthuyu ankafunanji pakhomo pathu masiku onsewa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kuseka kosakoma.

"Ndiye zimenezo ndi zimene mumayang'anira mwana makutu? Ankabwerera amayi anu, inu. Kwawo n'kumodzi, midzi yoyandikana. Ankawauza amene ali moyo ndi amene anamwalira. Malungo atawagwira chaka chatha anawanyamula pa njinga mpaka kuchipatala ndi iye, inu mukutsuka madamu."

Manyazi anandigwira moti ndinatuluka panja osadziwa kumene ndikupita.

Pano ndine woliza pampu m'mawa uliwonse, ana akudya, mpunga ukubiriwira, ndipo a Dinala amandipatsa moni wa manja awiri. Pemphero la ziphaso lakhazikika, limachitika nyengo iliyonse ya kalembera wa odula nzimbe ikayandikira, ndipo ndamva kuti mipingo ina yoyandikana nayo yayamba. Mabenchi akumbuyo kumbali ya amayi ali ndi mipata imene palibe amaifunsa. Pa katundu yense amene ndinabwera naye kuchokera ku Joni, foni inafa, nsapato zinang'ambika, jekete silivalika ndi kutentha kuno. Chimene chikugwirabe ntchito ndi pemphero lija.

Amayi sanapondenso kutchalitchi. Amapita kumsika, amabwerako, amandilandira ndikapita, koma nkhaniyo saitchula. Sabata yatha injini inandivuta masiku awiri, ndipo pobwerera ndinadzera pakhonde pawo, pomwe anandigwaditsa tsiku lonyamuka. Anandipatsa madzi m'kapu, ndinamwa, kenako ndinati, "Amayi, mundipempherereko, ntchitoyi iyende bwino."

Anasiya nsomba imene ankaimanga, n'kutambasula zikhatho zonse ziwiri patsogolo panga.

"Ndi manja awa?" anatero. "Pita kwa a chiphaso anzako, mwananga. Angawa munawaona nonse kuti alibe kanthu."