Ndinaopa Buku la Aphunzitsi a Mwana Wanga

Ndinalakwa Lachitatu, nthawi ya 12 koloko masana, nditapita kukatenga mwana wanga Chikondi pakireshi ku Florida, kuno ku Mutare. Inu owerenga, ndimvereni, mwina mwana wa wina apulumuka.

Ine ndinakulira pafamu ya fodya, kwa makolo ochokera ku Malawi. Kumeneko dzina lako likalowa m'buku la kapitawo, unkadziwa kuti walakwa. Mafamu atagawidwa tinabwera m'tauni, ndipo ndinapeza ntchito yochapa zovala ku Morningside.

Chikondi anali ndi zaka zinayi. Ankabwera kunyumba akuimba nyimbo za Chishona, n'kumandiseka ndikalakwitsa mawu. Madzulo ankandikhazika pamkeka n'kunena kuti, "Amayi, lero ticha ndine, inu khalani chete."

Lachitatu lija aphunzitsi ake anandiitanira pambali atanyamula buku. Anati akhala akumuyang'ana posewera n'kumalemba zimene akuona. Anzake akamathamanga, iye ankangoyamba nawo n'kunyonyomala, akupuma movutikira, milomo itada. Anati, "Mai Chikondi, kamuonetseni kuchipatala."

Za chipatalazo sizinandilowe m'khutu. Ndinangoona dzina la mwana wanga m'buku. Mtima unandiuza kuti amulemba ulesi chifukwa ndife mabhurandaya, monga amatitchulira ife a ku Malawi. Ndinamubereka n'kuchoka osatsanzika, ndipo sanapondekonso. M'mawa uliwonse ankavala kachikwama kake n'kuima pakhomo, kudikira kuti ndimuperekeze.

Mvula itayamba, anakomoka akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Adokotala anati anabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ndikanabwera naye msanga akanayesa kumuthandiza. Chikondi anatisiya sabata yomweyo.

Aphunzitsi aja anabwera pamaliro. Patapita masiku anadzandiwerengera masamba ena a buku lawo. Analemba kuti Chikondi ankagawira anzake buledi, komanso ankauza aliyense kuti palibe wochapa zoyera ngati amayi ake. Zonsezo zinali m'buku lomwe lija ndinaliopa.

Makolo anzanga, aphunzitsi akalemba za mwana wanu sikuti akumuimba mlandu. Amakhala naye tsiku lonse inu muli kuntchito, amaona zimene inu simuona. Khalani pansi, muwamvere mpaka amalize.

Panopa ndimaphika phala pakireshi ina ku Fairbridge Park. Kulemba sindidziwa bwino, koma ndikaona mwana atanyonyomala anzake akuthamanga, ndimasiya mthiko n'kukauza aphunzitsi kuti alembe.