Mawu a Amayi pa Msonkhano wa Kiliniki

Ndikukumbukira msonkhano wina kwathu ku Madzimoyo, ufulu utangobwera kumene. Anthu a boma anachokera ku Chipata kudzatifunsa malo omangapo kiliniki. Zinali zachilendo, chifukwa kale boma linkangolamula.

Tinasonkhana pabwalo la sukulu m'nyengo yotentha, nyenje zikulira m'mitengo, fumbi likumata thukuta. Amuna anakhala pamabenchi, akazi pansi chakumbuyo, ena akusenda nshawa, mtedza wathu uja. Amuna anagwirizana msanga kuti kiliniki ikhale kutsidya kwa mtsinje, pafupi ndi msewu, pamene ankagulitsira thonje. Amene anatsogolera ganizoli anali agogo anga, obereka atate.

Amayi sanakondwe. Dzinja lapitalo anataya khanda, mlongo wanga, chifukwa mtsinje unadzaza ndipo analephera kuwoloka nalo kupita kuchipatala cha mishoni. Koma pamwambo wathu mtengwa sayankhula ndi apongozi ake aamuna, ngakhale kuwayang'ana kumaso.

Amayi anandikoka mkono n'kundiimika patsogolo pawo. Kenako anayang'ana kumbali, nayankhula mokweza ngati ine ndine wogontha.

"Iwe Yohane, uwauze agogo ako kuti thonje lingadikire madzi aphwe, koma mwana wodwala sangadikire."

Bwalo lonse linamva, komabe mwambo unafuna kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Agogo anatembenukira kwa ine. "Uwafunse amako, nanga galimoto ya mankhwala idzawoloka bwanji?"

"Uwauze kuti mankhwala azibwera mvula isanayambe, tizisunga. Njerwa tidzaumba ife akazi."

Ndinanyamula mawu uku ndi uku mpaka kukhosi kunauma. Akazi ena nawo anayamba kukankhira ana awo kutsogolo, aliyense ndi uthenga wake. Mkulu wa anthu a boma aja atalephera kutsatira kuti akuyankha ndani, anati ofuna kiliniki tsidya lathu angokweza manja. Manja a kumbuyo anachuluka, ndipo dzanja lomaliza kukwera linali la agogo. Kiliniki inamangidwa tsidya lathu.

Masiku ano akazi amadziyankhulira okha m'komiti ya zaumoyo, ena ndi apampando. Chimene chachepa ndi anthu obwera kumisonkhano. Ambiri amati zonse zimagamulidwa ku Lusaka tisanakhale n'komwe pansi, ndipo nthawi zina sanama. Ine ndimapitabe, ngakhale tikhale ochepa bwanji, ndipo sindichoka ndisananene maganizo anga. Palibe mwambo wonditseka pakamwa, choncho ndilibe chonamizira.