Kagalimoto ka Alamu Anga pa Damu

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi anapita kukakhala kwa agogo ake ku Nchilamwela. Mwanayo anali ndi zaka zisanu. Apongozi anati ndi kwa masabata owerengeka chabe, kuti mtima wanga uyambe wakhala pansi, ndipo sindinakane. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya esiteti yoyang'anizana ndi damu, n'kumalawirira ku fakitale ya tiyi kumene ndimayang'anira makina.

Kwathu ndi ku Mzimba, kumene mwana ndi wa bambo ake. Kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza amakhala ndi mwini mbumba, mlongo wake wa mayi. Pokwatira ndinkazidziwa zimenezi, koma sindinkaganiza kuti zidzandikhudza ndisanamere imvi. Tsopano panatsala miyezi itatu kuti achibale a mkazi wanga akumane andisudzule, ndiko kuti andimasule pa ukwati monga mwa mwambo wawo, ndipo tsiku lomwelo anene kumene mwana azikhala. Wonena anali alamu anga, mlongo wake wa malemu, makaniki wa mathirakitala pa esiteti yoyandikana ndi yathu.

Vuto linali lakuti mwanayo ankakana kulowa m'nyumba mwanga. Mayi ake anadwalira mmenemo miyezi inayi. Ndikapita kukamutenga Lamlungu ankagwira chitenje cha agogo ake ndi manja onse awiri, osalira. Ndinkabwerako ndekha.

Alamu anali ndi kagalimoto koyendera rimoti, kamene anabwera nako kuchokera ku Joni. Kanali kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, ka matayala akuluakulu, kothamanga moti nkhuku zinkakadziwa ndi kulira kwake komwe. Tsiku lina anaona pa foni kuti timagalimoto totere tikathamanga kwambiri timayenda pamwamba pa madzi osamira. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ndinkamva njinga yawo yamoto ikutsika njira ya m'minda ya tiyi. Ankaima m'mphepete mwa damu, pansi pa khonde langa penipeni, mwana wanga ali patsogolo pawo, kagalimoto katamangidwa kumbuyo.

Kwawo kulinso madamu. Ndinawerenga atatu. Nanga n'chifukwa chiyani ankadza pa langali? Yankho limene ndinadzipatsa linali limodzi: akufuna ndione ndi maso anga kuti mwana ndi wa ndani.

Ndinkatsika n'kukaima chapatali, manja m'thumba. Ntchito yawo, kunena zoona, inali yaukhondo. Pa matayala akumbuyo anamatapo tizidutswa ta lamba wakale, motalikana bwino, kuti tizipalasa madzi ngati nkhafi. Kabokosi ka mawaya anakalowetsa m'chibaluni n'kumanga pakamwa ndi ulusi. Paliponse pozungulira anapaka girizi. Batire analisunthira kumbuyo pang'ono kuti mphuno izinyamuka.

"Tandipatsira sipanala yaing'ono ija," ankatero alamu.

Mwana wanga ankasankha yolondola osafunsanso. Ine sindinamuphunzitseko dzina la chida ngakhale chimodzi, chonsecho makina ndinawaphunzira zaka zinayi ku koleji. Iye ndi amalume akewo ankayankhulana Chilomwe, chimene ine ndimangotolamo moni. Alamu akanena kanthu, iye ankaseka mutu uli chagada, dzanja pamimba, ndendende mayi ake. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chiikire maliro. Ndinakumva kuli kwa munthu wina.

"Moni kwa adadi," alamu ankamukumbutsa.

"Muli bwanji, adadi?"

"Ndili bwino, mama. Kaya iwe?"

Asanayankhe, maso anali atabwerera kale pa matayala.

Atabwera kachisanu, alamu anati kakonzeka, lero kawoloka damu lonse. Mbiri inali itafika kale kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti. Othyola tiyi ataweruka anabwera ndi madengu awo kumsana, mlonda wa pampu anasiya kanyumba kake, ndipo kapitawo wina wachikulire anakhala pa chitsa cha bulugama ngati woweruza mpira.

"Amakaniki, laisensi ya pamadzi kali nayo kameneka?" anafunsa kapitawo.

"Inatuluka dzulo, bwana kapitawo. Yanu ya njinga ija inatuluka liti?"

Anthu anaseka. Mayi wina anati, "Kakamira mulowa nokha, achimwene. Ife tinasamba m'mawa."

Alamu anayamba ndi kukayesa m'mbali, pamene madzi amalekeza m'mawondo. Kankathamanga kuchokera pa udzu, kugunda madzi, kuyenda pamwamba mapazi khumi, n'kutulukira pa mchenga. Anatero kanayi. Ulendo wachitatu kanaima m'madzi pang'ono, matayala atamira, iwo n'kukanyamula. Kenako anati aike batire latsopano la ulendo waukulu.

"Alamu, tagwirani apa," anandiuza.

Ndinakalandira. Kanali kolemera kumbuyo kuposa mmene kanayenera. Nditapendeketsa gudumu, madzi anadontha pa chala changa. Ndinayang'anitsitsa. M'kati mwa gudumu lililonse munali timabowo tiwiri totulutsira mpweya, tating'ono ngati diso la singano yosokera matumba. M'matayala otere mumakhala siponji. Alamu anatseka paliponse koma anaiwala timabowo timeneti, ndipo siponji inali itamwa madzi. Tayala lotero likazungulira mwamphamvu limalemera mbali imodzi, limanjenjemera, liwiro n'kutha. Pa madzi, liwiro likatha palibenso chokugwira.

Mankhwala ake anali apafupi: kufinya matayala, kuwayanika, kumata timabowo ndi tepi, n'kudikira Loweruka lina. Tepi yakuda yamagetsi ndinali nayo m'thumba la malaya. Ndimayenda nayo masiku onse.

"Ainjiniya," anatero alamu akupukuta manja, "inu a sukulu, mwaonapo vuto?"

Mwana wanga anali atawagwira lamba wa buluku, akudumphadumpha.

"Ayi," ndinatero. "Kali bwino."

Pambuyo pake ndinkadziuza kuti mkamwini salangiza mwini mbumba pagulu, makamaka mkamwini amene sanasudzulidwe. Mwambowo ulipodi. Koma iwo anachita kundifunsa, ndipo ndikanatha kuwanong'oneza.

Anakaika patali, pa kanjira kolowa m'mizere ya tiyi, kuti kapeze pothamangira. Anati pa madzi sukhota ndipo subweza chala pa rimoti, umangokoka mpaka kutsidya. Anakoka. Kanatsika kakulira, kanagunda madzi, mphuno m'mwamba, kumbuyo kukutumphuka mizere iwiri yoyera. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero pa damu lija. Mwana wanga anakuwa, "Amalume! Amalume!" Ine ndinaima n'kumadikira.

Chapakati kanayamba kugwedera kumbuyo. Kulira kwake kunasintha. Kanakhala pansi ngati ng'ombe yotopa, mphuno inaloza kumwamba, kenako panangotsala thovu.

Ndiye kapitawo anati, "Laisensi ija inali ya ku Joni," ndipo anthu anagwa nako kuseka. Alamu anaseka nawo, akukanda m'mutu. Ine ndinayang'ana mwana wanga. Ndinkaganiza kuti alira, atembenuke, afune munthu wina womunyamula. Sanalire. Anagwira dzanja la amalume ake n'kuwauza mawu a Chilomwe motsitsa, monga munthu wamkulu apepesera mnzake. Anakwera njinga n'kumapita.

Lolemba mlonda wa pampu anakavuula ndi ngowe, ali pa migolo imene amayandamira pokonza mapaipi. Chibaluni chinali chitalowa madzi ndipo kabokosi kanapsa. Ku Limbe sikanapezeke kena. Alamu anati mpaka wina adzabwere nako kuchokera ku Joni. Loweruka lotsatira njinga sinabwere, ngakhale linzakelo. Ndinkakhala pakhonde masana onse, damu lili phee.

Tsiku losudzula, anthu asanakhale pansi, alamu ananditengera kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Alamu, ndalephera," anatero. "Ndimafuna mwanayu azolowere nyumba ija pang'onopang'ono. Ayambe pa damu. Mawa amwe madzi pakhonde panu. Mkuja alowe yekha. Kakanawoloka kaja, ndikanati kazigona kwa adadi, poti kuno kulibe magetsi otchajira. Akanakatsatira. Ndinali nditawauza kale amayi kuti mwana wa mwamuna wotere sitingamumane."



"N'timabowo tina ta m'magudumu," anapitiriza. "Ndinatiwona nditakaphwasula. Koma nanga poti ngakhale inu a sukulu simunatiwone, ine wa girizi ndikanatani?" Anaseka, n'kundigwira paphewa.

Mwambo unali waufupi. Achibale a mkazi wanga anandithokoza kuti ndinadwazika mwana wawo mpaka mapeto, anati ndine womasuka, ndipo pakhomopo padzakhala pathu masiku onse. Kenako alamu anamuitana mwana, anagwada kuti alingane naye, n'kumufunsa m'Chichewa kuti nanenso ndimve.

"Ukufuna uzikakhala ndi adadi ku damu kuja?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. "Ndikufuna kwa agogo."

Alamu anagamula kuti mwana akhale kumudzi mpaka tsiku limene adzapemphe yekha. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati ndamva, ndipo ndinathokoza.

Papita chaka ndi miyezi. Mwana anayamba sukulu komweko. Za timabowo sindinawauze alamu, ndipo akamandiyamikira pamaso pa anthu ndimangowerama. Ndimapita Lamlungu lililonse. Mwana amandilandira ndi manja awiri, amagwada, amandibweretsera madzi osamba m'manja monga achitira ndi mlendo wolemekezeka. Lamlungu lapitali anabwera pafupi yekha, anatsegula pakamwa n'kundionetsa dzino lakutsogolo likugwedera.

"Bwera ndilizule, mama," ndinatero. "Sizipweteka."

Anatseka pakamwa ndi dzanja. "Ayi, adadi. Amalume anati adzazula Lachitatu."